Ndasiya pramipexole ndipo miyendo ikundisowetsa tulo: kodi pali chithandizo china?

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa mayi wina amene wakhala akuvutika ndi matenda a miyendo yosakhazikika, omwe madokotala amawatcha restless legs syndrome kapena matenda a Willis-Ekbom, amene amanyerenyetsa miyendo n'kumukakamiza munthu kuti aziisuntha, makamaka usiku akafuna kupuma. Mayiwa akuti anamwa pramipexole kwa zaka zingapo, ndipo poyamba mankhwalawo ankawagoneka tulo tabwino. M'kupita kwa nthawi miyendo inayamba kuwanyerenyetsa dzuwa lisanalowe, kenako masana ndithu, mpaka vutolo linakwera m'manja, ndipo akawonjezera mlingo mpumulo unkangokhala wa miyezi yochepa. Dokotala anawauza kuti asiye. Tsopano papita masiku owerengeka chisiyireni, usiku wonse amangozungulira m'nyumba, ndipo akufunsa kuti: "Kodi ndibwerere ku mapiritsi aja, kapena pali china chimene chingandithandize?"

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene mukukumana nazo. Chithandizo china chilipo, ndipo ndichifotokoza, koma choyamba ndikupempheni kuti musaweruze tsogolo lanu potengera usiku umene mukuuona panopa. Zimene mukumvazi ndi mavuto awiri amene aphatikizana: matenda enieniwo, komanso kuvutika kwa ubongo umene unazolowera mankhwala kwa zaka zambiri ndipo tsopano wawasowa. Vuto lachiwirili ndi limene likupweteka kwambiri, koma ndi limenenso limatha.

Pramipexole, ropinirole ndi rotigotine ndi mankhwala amene amagwira ntchito mu ubongo motsanzira dopamine, chinthu chimene ubongo umapanga kuti chizinyamula mauthenga pakati pa maselo ake. Ku America ropinirole anavomerezedwa kuti azithandiza matendawa mu 2005, pramipexole mu 2006, ndipo kwa zaka zambiri madokotala ankayambira pa mankhwala amenewa chifukwa amagwira msanga, nthawi zina usiku woyamba womwe. Patapita nthawi zinaoneka kuti mwa odwala ambiri mankhwalawa amakulitsa matenda omwe akuchizawo. Madokotala amati augmentation, ndipo zizindikiro zake ndi zimene mwalemba m'kalata yanu: vuto limayamba msanga kuposa kale, limakula mphamvu, limafalikira m'manja ngakhale m'thupi, ndipo mlingo wokulirapo umangoonjezera moto. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu New England Journal of Medicine mu 2014 anapeza kuti pa chaka chimodzi vutoli linagwera odwala 7.7 pa 100 alionse amene ankamwa 0.5 mg ya pramipexole, pamene mwa amene ankamwa mankhwala a mtundu wina otchedwa pregabalin linagwera 2.1 okha. Mu 2024 bungwe la American Academy of Sleep Medicine linatulutsa malangizo atsopano oti mankhwala otsanzira dopamine asakhalenso oyambira pochiza matendawa. Choncho dokotala wanu sanakulandeni chinthu chabwino popanda chifukwa.

Chimene kalata yanu siyinanene ndi mmene munasiyira. Ngati munasiya kamodzi n'kamodzi mutamwa mlingo waukulu kwa zaka, muyenera kuonana ndi dokotala sabata yomwe ino, chifukwa njira imene akatswiri ambiri amatsatira ndi kuyambitsa kaye mankhwala atsopano, kenako n'kumachepetsa akalewo pang'onopang'ono kwa milungu kapena miyezi. Dokotala akakuuzani kuti mubwerere pa mlingo wochepa kuti mutsike bwinobwino, kumeneko sikubwerera m'mbuyo. Chimene sindingakulimbikitseni ndi kutsegula botolo lotsala lija nokha pakati pa usiku, popeza mpumulo wake udzabwera ndithu, koma mudzayambiranso ulendo womwewo kuchokera pachiyambi. Kawirikawiri masiku oyambirira ndi amene amakhala owawa koposa, ena amatha usiku ungapo osagona n'komwe, ndipo ambiri amayamba kuona kusintha pakadutsa milungu iwiri kapena kuposerapo, ngakhale kuti ena zimawatengera nthawi yaitali. Palinso anthu amene akasiya mankhwalawa amagwidwa ndi nkhawa yaikulu, mantha, thukuta, kufooka ndi kukhumudwa kozama. Maganizo ofuna kudzipha akakufikirani, musadikire tsiku limene munapatsidwa loti mukaonane ndi dokotala, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndiponso musayendetse galimoto mutachezera usiku wonse.

Tsopano tibwere pa nkhani imene ndikuona kuti ndi yofunika kuposa zonse, ndipo imanyalanyazidwa kawirikawiri: ayironi. Ofufuza anapeza kuti ubongo wa anthu ambiri odwala matendawa umakhala ndi ayironi wochepa, ngakhale magazi awo atakhala okwanira bwino, ndipo kuchepa kwa ayironi kumachititsanso kuti augmentation ibwere mosavuta. N'chifukwa chake kuyezetsa kuchuluka kwa magazi kokha sikokwanira. Pemphani kuti akuyezeni zinthu ziwiri, ferritin (imene imasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi) ndi transferrin saturation (imene imasonyeza ayironi amene akuyenda m'magazi), ndipo magaziwo atengedwe m'mawa, mutakhala maola 24 osamwa mapiritsi a ayironi kapena kudya zakudya zokhala ndi ayironi wambiri. Zotsatira zikabwera, musakhutire ndi mawu akuti zonse zili bwino. Tengani pepalalo m'manja muone nambala yeniyeniyo, chifukwa ferritin ya 30 kapena 40 imalembedwa kuti ndi yabwino kwa munthu wina aliyense, koma kwa wodwala miyendo yosakhazikika ndi yotsika. Malangizo a 2024 aja amati ferritin ikakhala 75 kapena kucheperapo, kapena transferrin saturation ikakhala pansi pa 20 peresenti, wodwala apatsidwe ayironi wakumwa kapena wa m'dripi, ndipo ferritin ikakhala pakati pa 75 ndi 100, ayironi wa m'dripi yekha ndi amene angathandize, popeza pamenepo matumbo salandiranso ayironi wokwanira kuchokera m'mapiritsi.

Ayironi wakumwa nthawi zambiri amakhala ferrous sulfate wa 325 mg, kamodzi patsiku kapena modumphitsa tsiku, ndipo amalowa bwino m'thupi akamwedwa pamodzi ndi vitamini C, motalikirana ndi tiyi, khofi, mkaka ndi mapiritsi a kashiamu. Amatha kudetsa chimbudzi ndi kumanga m'mimba, ndipo sagwira msanga: pamafunika miyezi itatu musanayezetsenso. Wa m'dripi amene ali ndi umboni wamphamvu ndi ferric carboxymaltose, amene kawirikawiri amaperekedwa 1000 mg, ndipo nayenso zotsatira zake zimaoneka pakapita milungu ingapo, osati mawa lake. Koma ayironi si wongogula n'kumamwa musanayezetse, chifukwa akachuluka amaononga chiwindi ndi mtima, ndipo transferrin saturation ikapitirira 45 peresenti saperekedwa. Dziwaninso kuti ferritin imakwera monama munthu akamadwala matenda otupitsa m'thupi kapena akangochira malungo kapena chimfine champhamvu. Akakupezani ndi ayironi wotsika kwambiri, dokotala afufuzenso kumene akuthera, kaya ndi msambo wochuluka, kutaya magazi m'matumbo, kapena kupereka magazi pafupipafupi.

Chinthu chachiwiri n'chosavuta koma chimapulumutsa ambiri: sonkhanitsani mankhwala onse amene mumamwa, ngakhale ogula popanda kalata ya dokotala, mupite nawo. Anthu ambiri amene asowa tulo amathamangira mapiritsi ogonetsa okhala ndi diphenhydramine kapena mankhwala ena a chimfine otopetsa thupi, osadziwa kuti amenewa amautsa miyendo kwambiri. Chimodzimodzinso mankhwala oletsa nseru monga metoclopramide ndi prochlorperazine, mankhwala ambiri a matenda a maganizo, komanso ochepetsa kukhumudwa monga fluoxetine, sertraline, venlafaxine ndi mirtazapine. Amenewa musawasiye nokha. Dokotala angaone ngati n'kotheka kusintha, mwachitsanzo kupita ku bupropion amene sadziwika ndi vutoli. Mowa ndi khofi wa madzulo amaonjezeranso vuto, ndipo ngati mumaliza mkonono kwambiri kapena kubanika kutulo, vuto limenelo liyezedwe ndi kuchizidwa.

Mankhwala amene tsopano akulowa m'malo mwa pramipexole ndi gabapentin, pregabalin ndi gabapentin enacarbil. Sagwira kudzera mu dopamine, sadziwika kuti amayambitsa augmentation ngati anzawo aja, ndipo amathandizanso tulo, nkhawa ndi ululu wa mitsempha. Amamwedwa madzulo, ola limodzi kapena awiri miyendo isanayambe. Dokotala amayambira pansi, mwina 300 mg ya gabapentin kapena 75 mg ya pregabalin, ndi pocheperapo kwa okalamba ndi odwala impso, kenako n'kumakwera pang'onopang'ono. Gabapentin ali ndi khalidwe lakuti mlingo ukakula matumbo salandira wonse, choncho mlingo waukulu umagawidwa kawiri madzulo omwewo. Apa pali msampha umene ndikufuna muudziwe. Munthu amene wangosiya pramipexole akayamba gabapentin, milungu yoyambirira amaona ngati akumwa madzi, ndipo ambiri amagwa mphwayi n'kunena kuti mankhwalawo ndi achabechabe. Nthawi zambiri vuto limakhala lakuti mlingo ukadali wotsika, komanso kuvutika kobwera chifukwa chosiya kuja kukadali kwamphamvu kuposa mankhwala atsopanowo. Apatseni nthawi yokwanira pa mlingo woyenera musanawaweruze. Zovuta zake ndi chizungulire, kusinza masana, kudzandira, kunenepa, kutupa mapazi, ndipo kwa ena kukhumudwa. Nawonso sasiyidwa mwadzidzidzi.

N'zoona kuti pali odwala ena, makamaka amene anamwa mankhwala a dopamine kwa zaka zambiri pa mlingo waukulu, amene ayironi ndi gabapentin siziwakwanira. Kwa amenewa akatswiri amagwiritsa ntchito mankhwala amphamvu opha ululu a gulu la opioid, pa mlingo wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa ululu waukulu. Kafukufuku wa mu 2013 anasonyeza kuti oxycodone wophatikizidwa ndi naloxone amathandiza odwala amene mankhwala ena anawalephera, ndipo mayiko angapo a ku Ulaya anavomereza mankhwalawa pa matendawa. Madokotala ena amagwiritsa ntchito methadone kapena buprenorphine, nthawi zina kwa kanthawi kochepa kuti wodwala awoloke milungu yovuta ija, nthawi zina kwa nthawi yaitali. Maganizo anga ndi akuti munthu amene wafika pamenepa sayenera kuchita manyazi kukambirana nkhaniyi, chifukwa kukhala miyezi osagona nakonso kumaononga thanzi, ntchito ndi banja. Komabe awa si mankhwala oyambira, ndipo amafuna dokotala mmodzi wowayang'anira mosamala. Amamanga m'mimba, amatha kukulitsa kubanika kutulo, thupi limawazolowera, ndipo akaphatikizana ndi gabapentin, pregabalin, mowa kapena mapiritsi ogonetsa amatha kuchedwetsa kupuma mpaka kupha. Tramadol, amene ambiri amamuona ngati wofatsa, nayenso wadziwika kuti amatha kuyambitsa augmentation.

Za njira zopanda mankhwala sindikhalitsapo, chifukwa pa vuto lalikulu ngati lanu zimangochepetsa, sizichiza. Kuyenda, kuongola minofu ya akatumba, kusisita miyendo ndi kusamba madzi ofunda musanagone kumapatsa mpumulo wa kanthawi. Kulimbitsa thupi mosapyola muyeso masana kumathandiza, pamene kudzitopetsa kwambiri usiku kumatha kuutsa miyendo. Ntchito yofuna kuganiza kwambiri kapena ya manja, yochita mutaimirira patebulo lalitali, imathandiza ena kupirira maola ovutawo kusiyana ndi kugona pabedi n'kumalimbana ndi miyendo. Mu 2023 ku America anavomereza kachipangizo kovala m'munsi mwa mawondo kamene kamagwedeza mtsempha wa m'mwendo ndi mphamvu yochepa ya magetsi, ndipo malangizo a 2024 aja anakatchula pakati pa njira zoyenera kuganiziridwa, ngakhale kuti sikapezeka paliponse. Mapiritsi a magnesium amene amatamandidwa kwambiri pa intaneti alibe umboni wamphamvu pa matendawa.

Nanga mankhwala a dopamine aja atsekeredwa khomo mpaka kalekale? Pali odwala ena amene dokotala amawapatsa mlingo wochepa kwambiri mwa apo ndi apo, monga pa ulendo wautali wa pandege, ndipo ena amaikidwa pa rotigotine womata pakhungu. Koma kwa munthu amene vuto linafika kale m'manja, mwayi woti augmentation ibwerenso ndi waukulu, ndipo ine sindingakulangizeni kuyang'ana kumeneko njira zinazi zisanayesedwe mokwanira. Pali chifukwa chinanso chimene odwala ambiri sauzidwa: mankhwalawa amachititsa ena kutengeka ndi njuga, kugula zinthu mosadziletsa, kudya mopyola muyeso kapena chilakolako chogonana chosaletseka. Ngati munaona khalidwe lotere pa zaka zimene munkamwa pramipexole, muuzeni dokotala mosabisa, chifukwa zimenezo zimasintha kwambiri chisankho chake.

Popita kukaonana ndi dokotala, lembani papepala mlingo umene munkamwa pomaliza, tsiku limene munasiya, ola limene miyendo imayamba tsiku lililonse, ziwalo zimene zikukhudzidwa ndi maola amene mukugona. Pemphani kuyezetsa ferritin, transferrin saturation ndi kagwiridwe ntchito ka impso, popeza mlingo wa gabapentin ndi pregabalin umadalira impso. Mufunseni mwachindunji chimene akufuna kuika m'malo mwa pramipexole, ndi chimene mudzachite ngati chimenecho sichigwira pakatha milungu ingapo. Ngati sanazolowere kuthandiza odwala a augmentation, m'pempheni mwaulemu kuti akutumizeni kwa katswiri wa matenda a ubongo ndi mitsempha kapena wa matenda a tulo.