Samani yafika pakhomo, thiraki yathu itagunda bakkie pa N3

FUNSO

Zikomo achimwene. Ine ndi amuna anga tili ndi mathiraki awiri onyamula katundu kuchokera ku City Deep, pa Joni pano, kupita ku Durban, nthawi zina mpaka kumudzi kudzera pa Beitbridge ndi Mwanza. Mu February dalaivala wathu, mnyamata wa ku Balaka, anagunda bakkie (kagalimoto konyamula katundu) kumbuyo pa N3, msewu waukulu wopita ku Durban, atangodutsa Heidelberg, cha m'ma 2 koloko usiku. Iye akuti bakkieyo inaima theka mumsewu, yopanda nyali ngakhale triangle yochenjeza magalimoto ena. Mwini wake anathyoka mwendo. Lachiwiri lapitali sheriff, mthenga wa khoti, watibweretsera samani, mwini bakkie akufuna R186 000 ya galimoto. Abale a wovulalayo nawonso sakutipumitsa pa foni, akuti tilipire mwendo. Alamu anga akuti pepalalo tingolisiya, wolakwa ndi dalaivala, tizimudula pa malipiro. Titani?

Mayi wa ku Rosettenville

YANKHO

Mayi, pepalalo litulutseni m'kabati lero lomwe. Samani imakupatsani masiku 10 a khoti, osawerengera Loweruka, Lamlungu ndi maholide, kuti mupereke chikalata chonena kuti mlanduwo mukuukana. Masikuwo akatha muli duu, mbali inayo imapempha chigamulo inu kulibe, kenako sheriff yemweyo amabweranso kudzalemba katundu. Ndagwira ntchito zaka 11 mu ofesi yoona za ngozi pa kampani ina ya mathiraki ku Germiston, ndipo sindiiwala bambo wina wa ku Ntcheu amene anabwera kwa ine ngolo yake italembedwa kale, pa mlandu woti akanauwina. Samani anaiika m'Baibulo n'kumayembekezera kuti zizizira zokha.

Poyambira ndi ku inshuwalansi yanu. Atumizireni samaniyo ndi tsiku limene munailandira. Ngati munalipirira zoteteza katundu wa anthu ena, iwo ndi amene amapeza loya. Ngati simunatero, pezani loya nokha sabata ino, ndipo dzina lake mulifufuze ku Legal Practice Council, bungwe loyang'anira maloya, chifukwa pa Joni pano ovala masuti si onse amene ali maloya. Musalembere aliyense pa WhatsApp kuti "tavomera, tilipira". Mawu otere amasindikizidwa n'kufika pamaso pa majisitireti, komanso a inshuwalansi amatha kukukanirani chifukwa cha iwo.

Za mwendo musataye nazo tulo. Kuno ku South Africa chipukuta misozi cha munthu wovulala pa ngozi ya pamsewu chimachokera ku Road Accident Fund, thumba limene limalandira gawo la ndalama pa lita iliyonse ya dizilo ndi petulo amene mumathira. Kuyambira pa 1 August 2008, wovulala sangasumire mwini galimoto kapena dalaivala pa za kuvulala kwa thupi, ndipo khoti lalikulu la Constitutional Court linavomereza lamuloli mu 2010. Abalewo muwayankhe mwaulemu, m'bale wawo wavulaladi. Auzeni kuti akapereke dandaulo ku thumbali zaka 3 zisanathe chichitikire ngozi, ndipo muwapatse nambala ya thiraki ndi nambala ya lipoti la apolisi. Koma thumbali sililipira zitsulo, n'chifukwa chake ya bakkie yabwera kwa inu.

Alamu anu akuphonya pa nkhani ya dalaivala. Wantchito akalakwitsa ali pa ntchito imene mwamutuma, mlandu umagwera bwana wake. Mnyamatayo anali ndi katundu wanu, pa msewu umene munamuuza, ndiye simungauze khoti kuti limufunse iyeyo. Kumudula malipiro nakonso sikuchitika mwachisawawa: gawo 34 la lamulo la ntchito lotchedwa Basic Conditions of Employment Act limafuna kuti iye avomere polemba, apatsidwe mpata wonena mbali yake, kulakwa kwake kuoneke, ndipo zodulidwazo zisapitirire kota ya malipiro ake.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si lamulolo. Pa 2 koloko usiku pa N3 panali anthu awiri, ndipo mmodzi ndi amene wakusumiraniyo. Mboni yanu ndi mnyamata wa ku Balakayo basi. Mukamukwiyitsa, akwera basi pa Park Station, sim card aitaya pa Beitbridge, ndipo tsiku la mlandu loya wanu adzaima yekha. Ndaona milandu yabwinobwino ikugwa chonchi kuposa imene inagwa chifukwa cha ukatswiri wa maloya a mbali inayo. Khalani naye pansi, alembe zonse zimene akukumbukira, ngakhale m'Chichewa, ajambulenso pa pepala pamene bakkie inaima. Mutenge nambala ya mkazi wake kapena ya malume ake kumudzi. Ngati apolisi anamutsegulira mlandu woyendetsa mosasamala, umenewo ndi wapadera, ndipo asavomere kanthu asanaonane ndi loya.

Ndisakunamizeni kuti mlanduwu ndi wophweka. Wogunda mnzake kumbuyo khoti limayamba kumuona ngati wolakwa, ndipo ndi inu muyenera kubweretsa umboni wosintha maganizo amenewo. Komabe pali lamulo la mu 1956, Apportionment of Damages Act, limene limalola khoti kugawa kulakwa. Tiyerekeze khoti lapeza kuti woima mumdima wopanda nyali walakwa 60 peresenti, mnyamata wanu 40. Pa R186 000 mupereka R74 400, ndipo ngati loya wanu wasumiranso pa kuphwanyika kwa thiraki yanu, iwo akupatsani 60 peresenti ya zimenezo. Ndalama yomwe atchulayo musaimeze yonse. Funsani mtengo wa bakkie isanagundidwe, muchotsepo wa chiphakasa chake. Kawirikawiri amene ali kuseri kwa samani yotere ndi inshuwalansi ya mwini galimoto, ndipo iwo amakambirana akaona kuti muli ndi mapepala.

Mapepalawo ndi awa: zimene tracker (kachipangizo kolemba kumene thiraki yadutsa ndi liwiro lake) inalemba usiku umenewo, vidiyo ngati thiraki ili ndi kamera, zithunzi za pamalo a ngozi, laisensi ndi PrDP ya dalaivala (chilolezo choyendetsera galimoto za katundu), satifiketi ya roadworthy yosonyeza kuti thiraki ndi yoyenera kuyenda pamsewu, malisiti a mabuleki ndi matayala. Imbirani kampani ya tracker mawa mmawa, chifukwa zakale sazisunga mpaka kalekale.

Ndipo mukazitenga muziwerenge moona mtima. Thiraki yolemera kupitirira makilogalamu 9 000 siyenera kudutsa 80 pa ola. Tracker ikaonetsa 96, kapena ikaonetsa kuti mnyamatayo anafika kuchokera ku Musina, kufupi ndi Beitbridge, madzulo, inu n'kumutumanso ku Durban asanagone, musafufute kanthu. Muuzeni loya wanu zonse, akambirane ndi mbali inayo za kulipira pang'onopang'ono mlandu usanafike kukhoti, ndipo ulendo wotsatira thiraki ya ku Durban inyamuke dalaivala atagona.