Kwa amayi ofunsa za good at ndi good in

Amayi, mwafunsa ngati pali lamulo loti mwana wanu wa Grade 12 azidziwira preposition (timawu ngati at, in, of, with) yotsatira adjective (liwu lofotokoza za dzina, ngati good), poti aphunzitsi anamuchonga cholakwa pa "good in Maths". Lamulo limodzi lokwanira zonse palibe. Adjective iliyonse ili ndi mnzake woyenda naye, ndipo mwana aziloweza awiriwo pamodzi ngati liwu limodzi: good at, afraid of, proud of, interested in, famous for.

Koma zolakwa zambiri za ana athu kuno ku Chipata zimachokera pa "ndi" wathuyu. Ife timati wakwatiwa ndi mphunzitsi, mgaiwa ndi wosiyana ndi ufa woyera, mwanayu wafanana ndi atate ake. Ndiye mwana akamva "ndi" m'mutu, dzanja lathamangira kale pa with, n'kulemba married with, different with, similar with. Chingerezi chimafuna married to, different from, similar to. Pa married pamafunika kusamala kwambiri. "She is married with three children" ndi chiganizo chabwinobwino, koma chikunena kuti mayiyo ali pabanja ndipo ali ndi ana atatu. Wokwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Katete ndi "married to a teacher from Katete".

Palinso ma adjective amene amasintha tanthauzo mukasintha preposition. Good at ndi luso: "good at netball". Good for ndi phindu: "Groundnuts are good for children". Good to ndi kukomera munthu mtima: "My aunt was good to me". Tired from ndi kutopa kwa thupi, monga wochokera kumunda, pomwe tired of ndi kutopa nacho chinthu mpaka osachifunanso. Munthu mumamukwiyira ndi angry with, nkhani imene yakukwiyitsani ndi angry about.

China chimene chimadyetsa mamaki: verb ikabwera pambuyo pa preposition imatenga -ing. "Interested in learning", osati "interested in learn".

Mndandanda wautali wopachika pakhoma ine sindiukhulupirira, umaiwalika sabata isanathe. Mugulireni kope laling'ono pa msika wa Kapata, ndipo tsiku lililonse alembe ziganizo zitatu kapena zinayi za zinthu zimene akuzidziwa. "Mtenguleni is famous for the Nc'wala ceremony." "I am responsible for the goats." Aziwerenga mokweza pamene mukuphika, inu muzingomvetsera, ngakhale Chingerezi chanu chili chapatali. Khutu likazolowera, "afraid with" amadzamveka yekha kuti wapindika.

Akatero atenge ma past paper a ECZ (bungwe loyendetsa mayeso ku Zambia), ayankhe mafunso odzaza mipata aja. Pamene wakayika, atsegule dikishonale ya ophunzira, ayang'ane zitsanzo za pansi pa liwulo, osati tanthauzo lokha. Preposition yake imakhala ili pomwepo.