Za sukulu ya mwana uja, msuweni

Eee, msuweni, uthenga wako ndaumva, kawiri konse. Wafunsa kuti sukulu ya mkaka yabwino ndi iti, yaikulu ija yomwe akufuna kumudumphitsa kalasi mwana uja poti akuwerenga kale ali ndi zaka 3, kapena yaing'onoyo. Koma iwe ndimakudziwa, ukamayankhula mothamanga choncho ndiye kuti pali china. Unayamba kale zimenezi, usakane. Iwe ukuopa kuti ulakwitsa... ayi, ndinene bwino, ukuopa kuti anthu akangomva zoti mwanayo ali ndi autism, kakulidwe kosiyana ka ubongo kamene kamachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu, aiwala kuti ndi wanzeru.

Ukuwakumbuka amalume aang'ono? Aja a mawailesi aja. Amayi ankanena kuti ali mwana ankamasula wotchi yonse n'kuimanganso, ikuyenda bwinobwino. Koma belu likangolira kusukulu ankatseka makutu n'kuthawira kuseri. Ena ankati ndi amwano, ena ankati ndi odzimva. Sindikunena kuti anali ndi autism, palibe anawayezapo. Koma panali mphunzitsi mmodzi, mmodzi yekha, amene ankawauziratu kuti belu latsala pang'ono kulira, n'kumawakhazika pafupi ndi khomo. Chaka chimenecho sanajombepo. Mpaka atakalamba ankamutchulabe mphunzitsiyo.

Aa, ndinali pati? Eya. Kuwerenga msanga kotereku amati hyperlexia, ndipo kumapezeka mwa ana ena a autism. Mwana amatha kuwerenga tsamba lonse koma osamvetsa zonse, mwinanso n'kumavutika kungonena kuti ndikufuna madzi. Ndiye kudumpha kalasi sikungathetse zimenezo. Upite ana ali m'kalasi momwemo, ukamve wekha phokoso lake, ukawawerenge kuti alipo angati. Ukafunse aphunzitsi kuti mwana akadzigwetsa pansi n'kumalira iwo amatani. Kodi ali ndi zithunzi zomuonetsa chomwe chichitike kenako? Angalole kuti speech therapist wake, katswiri womuthandiza kuyankhula uja, azibwera? Ndiponso, mmm, angamamupatse mabuku ovutirapo koma osamuchotsa pakati pa anzake?

Usankhe mphunzitsi, msuweni, dzina la sukulu lisakutenge mtima. Munthu woti aziona zonse ziwiri, nzeruzo ndi zomuvutazo, poti zonsezo zili mwa mwana mmodzi yemweyo. Wamva? Mphunzitsi. Ngati wa amalume uja. Ndipo usakapite wekha, iwe ukachita mantha mafunso onse amakuthawa. Undiimbire ukabwerako.