DVD sikuoneka pa Linux Mint: yambani ndi lsblk

Achimwene, mwati chiikireni Linux Mint, mukalowetsa DVD palibe chikuoneka, chonsecho pa Windows inkawerenga bwinobwino. Musathamangire kufufuta Linux. Pali mavuto awiri amene anthu amawasakaniza: kompyuta kusaona drive yeniyeniyo (chipangizo chowerengera chimbale), ndi drive kulephera kuwerenga chimbale. Mankhwala ake ndi osiyana.

Tsegulani terminal (polembera malamulo) mulembe lsblk, lamulo loonetsa mndandanda wa ma disk ndi ma drive. Mukaona sr0 (dzina limene Linux imapatsa drive ya DVD) pamndandandawo, mtima pansi, Linux yaiona driveyo. Lembaninso eject /dev/sr0. Thireyi ikatuluka, mawaya ali bwino.

Zikatero tatsala ndi chimbale kapena laser, kakuwala kamene drive imawerengera chimbale. Yesani CD payokha, DVD payokha, chifukwa mkati mwa drive muli ma laser awiri, ya CD ya 780 nm ndi ya DVD ya 650 nm, ndipo imodzi imatha kufa inzake ikugwirabe ntchito. Ine zinandionekerapo, ndinachezera usiku wonse kusinthasintha mafayilo pomwe laser ya DVD inali itafa kalekale. Tcherani khutu: chimbale chikazungulira, n'kuima, kuzunguliranso, kenako zii, laser ikufufuza osapeza kanthu. Chikazungulira bwino koma osaonekabe, yesani sudo mount /dev/sr0 /mnt muwerenge uthenga umene ubwere. Koma CD ya nyimbo musalimbane nayo ndi mount, ilibe filesystem (dongosolo la mafayilo limene mount imafuna). Itsegulireni mu VLC, pulogalamu yoseweretsera nyimbo ndi mavidiyo, basi.

Nanga sr0 ikasowa? Lembani sudo modprobe sr_mod, kenako sudo dmesg | grep -i atapi, muone ngati dzina la drive likutuluka. Likapanda kutuluka, yatsaninso kompyuta mulowe mu BIOS, zosankha za kompyuta zimene mumalowamo ikangoyaka, Linux isanayambe. Ngati nayonso BIOS sikuiona, Linux ilibe mlandu. Zimitsani, zulani pulagi pakhoma, tsegulani bokosi la kompyutayo. Kumbuyo kwa drive kuli mawaya awiri a SATA, woonda wa data ndi wotambalala wa magetsi. Azuleni, muwabwezere mwamphamvu, woondayo mumuyese pa doko lina. Ndipo ngati munaika SSD ya M.2 (kachipangizo kosungira mafayilo kobaya pa motherboard, bolodi lalikulu la kompyuta) nthawi imene mumaika Mint, ndikukayikira pamenepo kwambiri, poti ma motherboard ena amatseka doko limodzi kapena awiri a SATA mukangoilowetsa. Buku la motherboard limanena madoko ake.

Ikakhala drive ya USB, lembani lsusb mu terminal muone ngati ikutuluka, ndipo muilumikize pa kompyuta penipeni, osati pa hub (kabokosi kochulukitsa madoko a USB). USB 2.0 imapereka mphamvu ya magetsi ya 500 mA yokha, yomwe nthawi zina siikwana kuzunguza chimbale, USB 3.0 imafika 900 mA.

Mukayesa, tiuzeni zimene lsblk ndi dmesg zatulutsa, tione limodzi.