Kwa achimwene amene mukufuna kuvula yunifolomu ya British Army: zilembo za pa mapepala zija ndi ndalama zanu

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wa kwathu amene ali mu British Army, zaka 7 akuyendetsa mathiraki mu Royal Logistic Corps (RLC), ali ndi mayi kunyumba ndi ana awiri, ndipo akufuna kutuluka. Walemba mwachidule: "Akulu, ndinapita ku msonkhano wa resettlement koma ndatulukamo mutu uli balala. NTT, GRT, ELC, CTP, zonsezi ndi chani? Ndikuchita manyazi kufunsa chifukwa anzanga a konkuno akungogwedeza mitu ngati anabadwa nazo."

Achimwene, za manyazi zomwe mwanenazo zandipweteka mpaka ndasiya zina kuti ndikuyankheni, chifukwa ndaona anyamata abwinobwino, a ku Malawi, Fiji, Ghana, Kenya, akutaya ndalama, nyumba, ena mpaka ufulu wokhala m'dziko muno, chabe chifukwa anaopa kukweza mkono m'chipinda momwe aliyense amaoneka ngati akumva. Ndipo ndikuuzeni, anzanu ogwedeza mitu aja theka la iwo sakumvanso, kungoti iwo akalakwitsa abwerera kwa amayi awo ku Sunderland, akagona pa sofa miyezi iwiri, pasipoti yawo ili phee m'dirowa. Inu mulibe sofa ya amayi kuno. Amayi anu ali kumudzi, ndipo ndi iwo amene akudikira kuti mutumize ya feteleza.

Ine ndinali kopolo wa infantry. Msonkhano wanga wa resettlement, wokonzekeretsa otuluka usilikali, ndimaukumbukira bwino, kachipinda kozizira, mipando ya pulasitiki, bambo wina wachikulire woti anapuma kale usilikali akuonetsa ma slide, penshoni, ngongole yogulira nyumba, momwe mungalembetsere kwa dokotala wa anthu wamba, zonse analongosola bwino ndithu, koma za viza sanatchule olo kamodzi. Tinalimo angapo a Commonwealth, tonse duu. Nditafunsa pa mapeto anandiyankha mwaulemu kuti zimenezo si za ofesi yake, ndikafunse ku welfare. Ku welfare ndinapeza mayi wa mtima wabwino amene anayamba kufufuza pa kompyuta ine ndili pompo, kutanthauza kuti nayenso funso limenelo linali lachilendo kwa iye.

Nde chilembo choyamba chimene ndikufuna mudziwe sichili n'komwe pa mndandanda wanu. Ndi ILR, Indefinite Leave to Remain, chilolezo chokhala mu UK mpaka kalekale. Nthawi yonse muli msilikali muli pa chimene amati exempt from immigration control, malamulo a viza sakukukhudzani. Ambiri timaganiza kuti chidindo cha exempt chimene amatidindira mu pasipoti ndi cha moyo wonse. Ayi, chimatha tsiku limene mwatuluka, kenako amakupatsani masiku 28 okha oti mukonze mapepala kapena muchoke. Mnzanga wina wa ku Fiji, munthu woti tinali naye ku nkhondo ku Helmand, ku Afghanistan, wamkulu thupi koma wofatsa, anapeza ntchito ya sikyulite, anagwira bwinobwino mpaka tsiku lina abwana anamuitanira mu ofesi kuti aonetse umboni woti ali ndi ufulu wogwira ntchito. Anatulutsa pasipoti ndi chidindo chija monyadira, anamuuza kuti chinatha mphamvu kalekale. Ntchito inathera pompo. Ndinapita kukamuona, ndinamupeza wakhala pa bedi m'kachipinda ka lendi, mamendulo ake ali m'kabokosi pa windo, makalata ayalidwa pansi ponse, akundifunsa kuti "bro, ndiwerengere iyi, ikuti chani?" Chingerezi amachidziwa kuposa ine, koma chilankhulo cha m'makalata amenewo ndi china.

Si iye yekha. Mu 2020 asilikali akale 8 ochokera ku Fiji anatengera boma kukhoti pa nkhani yomweyi, kuti palibe anawalongosolera za mapepala potuluka. Nthawi imeneyo ILR inali £2,389 munthu m'modzi, nde werengani banja la anthu anayi, pafupifupi £10,000 kwa munthu woti wangosiya kumene kulandira malipiro. Mu April 2022 a boma anachotsa ndalama imeneyi kwa amene watumikira zaka 6 kapena kuposera, ndi amene watulutsidwa chifukwa chovulala kapena kudwala pa ntchito, koma anachotsera msilikali yekha, akazi ndi ana anatsala akulipira. Ine maganizo anga pa izi sindibisa, munthu amene munamutumiza kokaponda mabomba simungamulipiritse kuti ana ake akhale naye. Ndinkanena choncho ndili mu yunifolomu, ndikunenabe lero.

Komanso si zachilendo izi eti. Agogo anga aamuna anali a KAR, King's African Rifles, anamenya nawo nkhondo ku Burma mu 1944. Mukafika ku Zomba mukaona nsanja ya wotchi ija yokumbukira asilikali a KAR pafupi ndi Cobbe Barracks, njerwa zofiira, yokongola kwabasi. Koma agogo atabwerako anabwerera ku khasu, ndipo mpaka kumwalira kwawo ankasunga kabuku kawo kotulukira usilikali mu pulasitiki ya shuga, mlendo aliyense wodziwa sukulu akabwera ankatulutsa n'kumufunsa ngati muli penapake polembedwa za ndalama zawo. Ndili mwana ndinkaona ngati ndi ukalamba chabe. Nditakhala pa mpando wa pulasitiki uja ndi pamene ndinamvetsa kuti iwo anapatsidwa pepala popanda woti awauze zimene likunena, ndipo mdzukulu wawo zaka zambirimbiri pambuyo pake akupatsidwanso pepala chimodzimodzi. Zili ngati mlimi wa fodya ku okushoni ku Kanengo, amupatsa sale sheet yodzaza zochotsera, iye amangoyang'ana nambala ya pansi, osadziwa kuti zapakatizo ndi pamene pathera thukuta lake.

Ndiyeno pali mbali ina imene anthu saiganizira, yoti nanunso muli ndi chilankhulo chimene anthu wamba sachimva. Kunja kuno, kumene asilikali amakutcha civvy street, palibe amadziwa kuti 2IC ndi ndani. Intavyu yanga ina pa kampani ya ma warehouse ku Midlands, mayi wondifunsa anawerenga CV, anandiyang'ana n'kunena kuti akuona kuti ndilibe experience yoyang'anira anthu. Ine munthu woti ndinkayang'anira section, anyamata 8, chakudya chawo, zida zawo, ma lipoti awo a pachaka, wina akaledzera n'kugwidwa ndi apolisi usiku foni imalira ya ine, wina mkazi wake akathawa amadzalirira kwa ine. Zonsezi zinali pa pepalapo koma mu chisilikali, iye anangoona munthu wonyamula mfuti basi. Ndinatuluka mu ofesi muja mtima ukuwawa, ndinakhala m'galimoto nthawi yaitali osaliza injini. Pano ndimauza aliyense kuti pa CV section commander alembe team leader, kutchula anthu angati. Amene anali mu stores alembe stock control, atchule mtengo wa katundu amene anasainira. Inu achimwene musangolemba kuti driver RLC, lembani laisensi yanu ya C+E, ya mathiraki okoka ngolo, ngati muli nayo, satifiketi ya ADR yonyamulira katundu woopsa ngati munanyamulapo mafuta kapena zipolopolo, kuti munkayendera magalimoto musananyamuke, kuti munkaphunzitsa madalaivala atsopano. Ndipo fufuzani msanga za Driver CPC, khadi ya maphunziro a madalaivala a mathiraki, chifukwa m'chisilikali mumayendetsa popanda khadi imeneyo koma kampani ya mathiraki ya anthu wamba siingakupatseni makiyi mulibe.

Ena amati kusintha mawu choncho ndi kudzichepetsa, kapena kubisa kuti unali msilikali. Ine ndimakana. Usilikali wako sungabisike, umaoneka ndi momwe umafikira pa ntchito nthawi isanakwane, nsapato zopukuta. Koma wolemba ntchito ali ndi ma CV mulu pa desiki, sangakhale pansi kufufuza kuti CQMS ndi chani, angotenga ya mnzako. Chimene chimandikwiyitsa ndi anyamata athu amene amangothamangira SIA, laisensi ya sikyulite, chifukwa ndi yomwe mnzawo anatenga, munthu wa luso loti angayendetse depoti yonse n'kumaima pa khomo la shopu maola 12. Ntchito ya sikyulite si yonyozeka, ana ambiri kumudzi aphunzira ndi ndalama zake, koma izikhala yosankha wekha, osati chifukwa sunamve kuti panali ndalama za kosi ina.

Za unzika ndisaiwale. Mutha kutenga unzika wa Britain mudakali msilikali mukakwanitsa zaka 5, ndipo kale ambiri a ife tinkaopa chifukwa kwathu sankalola mapasipoti awiri, umayenera kutaya ya Malawi, nde munthu umaganiza za malo ako kumudzi, za manda a makolo, n'kungozisiya. Nyumba ya Malamulo ya Malawi inasintha lamulo limeneli mu 2018. Nde ngati chinkakugwirani mwendo chinali chimenecho, ganizaninso.

Tsono zilembo zanu zija

NTT ndi Notice to Terminate, kudziwitsa kuti mukuchoka, mumapanga pa JPA, sisitimu ya pa kompyuta yomwe mumaonera malipiro ndi tchuthi ija, anyamata amati seven clicks to freedom. Mukadina mumatumikirabe miyezi 12. CTP ndi Career Transition Partnership, amene amathandiza otuluka kupeza ntchito, ali ndi workshop ya CV ndi intavyu, alangizi, ndi malo olengezera ntchito, ndipo amakuthandizanibe mpaka zaka 2 mutatuluka. GRT, Graduated Resettlement Time, ndi masiku amene amakupatsani okonzekera moyo wa kunja mukulandirabe malipiro, kuyambira masiku 20 kwa wa zaka 6 mpaka 35 kwa wa zaka 16. IRTC, simunaitchule koma mudzaimva, ndi £534 ya kosi. Terminal leave ndi tchuthi chomaliza cha masiku 20 ogwira ntchito. Ngati muli mu SFA, nyumba ya mabanja ija, amakupatsani notisi ya masiku 93 kuti musamuke, nde dipoziti ya lendi muyambe kuisunga pano.

ELC ndi imene ndikufuna muiyang'anitsitse. Enhanced Learning Credits, amakulipirirani 80% ya kosi ya Level 3 kupita m'mwamba, katatu, chaka chilichonse cha boma kamodzi, 20% mumalipira nokha, ndipo mutha kuigwiritsa ntchito mpaka zaka 5 mutatuluka. Wa zaka 6 amapeza mpaka £1,000 ulendo uliwonse, wa zaka 8 mpaka £2,000. Inu muli pa 7. Miyezi 12 ya notisi itha kukufikitsani pa 8, kapena kukusiyani patangotsala milungu iwiri, zimatengera tsiku limene anayamba kukuwerengerani mu sikimu imeneyi, lomwe nthawi zina silifanana ndi tsiku lomwe munalowa usilikali. Kusiyana kwake kutha kufika £3,000.

ILR mumaloledwa kufunsira mukatumikira zaka 4, ndipo fomu mutha kutumiza milungu 18 tsiku lotuluka lisanafike, musadikire masiku 28 aja. Za mayi ndi ana funsani padera chifukwa malamulo awo ndi ena, Army Families Federation ali ndi anthu odziwa nkhani za Foreign and Commonwealth ndipo salipiritsa. Zikavuta mutatuluka kuli Royal British Legion ndi SSAFA, mabungwe othandiza asilikali akale, ndipo ngati tulo tasowa, mukungokwiya ndi ana popanda chifukwa, ku England kuli Op COURAGE ya NHS, yothandiza asilikali akale pa mavuto a maganizo, mutha kudziimbira nokha osadutsa kwa dokotala.

Nde Lolemba likubwerali pitani ku education centre, mukapemphe kuti akulembereni pa pepala tsiku lenileni lomwe mukwanitse zaka 8 za ELC, ndipo mayi akunyumba mupite nawo ngati angalole, mafunso a viza ya ana akafunse okha. Musadine NTT pepala limenelo lisanakhale m'manja mwanu.