Kodi kompyuta ingatchule chaka chomwe damu lidzagumuke?

Abambo ena aku Chibavi anditumizira imelo, akuti anamva zoti mainjiniya amatha "kukalambitsa" damu pa kompyuta nkuona mmene lidzakhalire pakatha zaka 50, ndiye akufunsa ngati kompyutayo ingatchule chaka chomwe damu lathu la Lunyangwa kuno ku Mzuzu lidzagumuke.

Bambo, chaka sichituluka ayi, ndipo wina akakutchulirani chaka ameneyo akukunamizani. Zomwe amachita nzoti amajambula khoma lonse ndi nthaka yapansi pake mu kompyuta, nkuligawa tizidutswa tambirimbiri, kenako amalipanikiza ndi madzi odzadza, chilala, kutentha kwa Okutobala, kuzizira kwa Juni, ngakhale chivomerezi, nkumaona pomwe payambe kufooka. Koma asanakhulupirire zakutsogolo amayamba ayibweza kaye mmbuyo, iwerengere zaka zomwe zinadutsa kale, zotsatira zake nkuzifananiza ndi zomwe zida zapadamu zinayeza. Zida zake ndi monga ma piezometer, timapaipi tomwe timaonetsa mphamvu ya madzi mkati mwa khoma, komanso kangalande kakumunsi koyezera madzi odontha. Damu lililonse limadonthako pang'ono, osadabwa, chowopsa ndi pomwe madziwo ayamba kuchuluka kapena kutuluka amatope chifukwa ndiye kuti akukokolola dothi mkati. Ngati panalibe munthu olemba manambala amenewa mwezi ndi mwezi, kompyuta imangolota basi.

Taonani damu la Kariba pa Zambezi, linatha kumangidwa 1959. Konkire yake yakhala ikufufuma pang'onopang'ono chifukwa simenti ndi miyala yomwe anasakaniza sizinagwirizane, mpaka zitseko zotayira madzi zinafika pofunika kukonzedwa, kwinaku madzi ogwa pazitsekozo anakumba dzenje lakuya mamita pafupifupi 80 kumunsi kwa khoma. Kufufuma kotereku kumayenda timamilimita, ndi maso simungakuone, apa nde pomwe kompyuta imagwira ntchito yeniyeni.

Koma ine kwathu kuno chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi matope. Mitengo ikamatha ku nkhalango ya Kaning'ina kamba ka makala, mvula yathu yosathayi imatsitsira dothi lonse mudamu, khoma lili chilili koma malo osunga madzi akuchepa chaka ndi chaka. Izinso zimawerengeka, bola wina azilowa ndi boti kukayeza kuya kwake. Ndiye mukakumana ndi a Northern Region Water Board, omwe amayang'anira damuli, afunseni zoti matope anawayeza liti komaliza, ndipo anapeza kuti adya gawo lanji la damu.