Seva yamphamvu sidziwa kuseri kwa chigayo

Achimwene ena andilembera imelo. Ali ndi kabizinesi koperekera katundu pa njinga zamoto muno mu Mzuzu, achita lendi seva ya ma core 64, ndiye akufunsa kuti pakati pa Nominatim, Photon ndi Pelias, mapulogalamu amene ukawalembera adiresi amakupezera malowo pa mapu, ndi iti imene imayankha mafunso ambiri pa sekondi.

Achimwene, mwandikanda pachilonda.

Matenda amenewa ndinadwalapo ndikukhala ku Chibavi, mwezi wa Juni, chifunga chili tolo, ine ndili m'bulangete ndi laputopu pamiyendo. Seva ya Nominatim imene aliyense amagwiritsa ntchito mwaulere imalola funso limodzi lokha pa sekondi, choncho ndinati ndiika yanga. Malangizo ake amati ukafuna mapu a dziko lonse lapansi ukhale ndi RAM ya 128GB ndi disiki ya NVMe ya 1TB, ndipo udikire masiku awiri kapena atatu. Ine osaganizanso kawiri. Ndinalipira seva ku Germany, ndi madola osowawa, n'kulowetsa dziko lonse ngati kuti ndili ndi makasitomala ku Brazil. Pamene kachidutswa ka mapu a Malawi ka pa Geofabrik, webusaiti yogawa mapuwa dziko ndi dziko, sikafika ngakhale 1GB, kakanakwana pa laputopu yomweyo. Magetsi anazima pakati pa ntchito, ine osayatsa tmux, pulogalamu yothandiza kuti ntchito ya pa seva isaime intaneti ikaduka, zonse n'kuyambiranso. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Zitatheka, ndinayatsa wrk, pulogalamu yoyezera liwiro la seva, n'kumaiwombera sevayo funso limodzimodzi: Mzuzu University. Manambala amene anatuluka, ndinachita kuvina ndekha. Sindinazindikire kuti PostgreSQL, nkhokwe imene Nominatim imasungiramo deta, inali itasunga kale deta ya yankholo m'memole, imangoibwereza ngati mwana wa sitandade 1 woloweza ndakatulo.

Anandichotsa chimbenene ndi alamu anga, amene amayendetsa kabaza pa Katoto. Anasuzumira pa sikirini n'kunena kuti, "Alamu, talembani apo: ku Zolozolo, kuseri kwa chigayo, geti lobiriwira." Ndinalemba. Yankho linabwera msangamsanga, koma lopanda kanthu. Apa mumvetse bwino: Nominatim ikapanda kupeza malo imabwezabe kodi 200, yotanthauza kuti zatheka, pamodzi ndi mndandanda wopanda kanthu, ndipo wrk imawerenga kuti zayenda bwino. Mutha kunyadira liwiro la makina amene akungoyankha kuti "kaya" kambirimbiri pa sekondi.

N'chifukwa chake manambala a anzathu akunja sindiwakhulupiriranso pa nkhani ya kuno, ngakhale pang'ono. Iwo amayesa ndi maadiresi okhala ndi dzina la msewu ndi nambala ya nyumba. Ife wina alemba Mchengautuba, wina Mchengautuwa, wina angoti "pa mjigo paja". OpenStreetMap, mapu amene mapulogalamuwa amatengamo malo, chiyambire 2004, imadzazidwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo chimene munthu sanachijambule mulibemo, muwonjezere ma core mpaka atope. Tikanakhala kuti Loweruka lililonse tikujambula timisewu ta ku Chiputula ndi Masasa m'malo mokangana za maseva, bwenzi pano tili patali.

Nanga muyese bwanji?

Tolerani maadiresi enieni amene makasitomala amakulemberani pa WhatsApp, ndi zolakwika zake zomwe. Yesani seva itangoyaka kumene, kenako itatenthera. Onjezerani mafunso obwera nthawi imodzi pang'onopang'ono, 1, 8, 32, mpaka mayankho ochedwetsetsa ayambe kutalika, ndipo ma worker a gunicorn, pulogalamu imene imalandirira Nominatim mafunso, akhale okwanira, apo ayi ma core ambiri angogona. Mayankho opanda kanthu muwawerenge padera. Kufunsa dzina la malo kuchokera pa GPS muyesenso pakokha, chifukwa ndi ntchito ina. Photon imapirira munthu akaphonya chilembo, Pelias imalola kuwonjezera malo anu kudzera pa fayilo ya CSV, ndiye kwa inu ndingayambire kumeneko.

Seva ya ku Germany ija ndinaitseka mwezi usanathe. Alamu akadali kuimba foni: "Mwati geti lobiriwira liti? Pano alipo atatu."